Makadi amene ndinataya pa Migowi

Nkhani iyi sindinamuuzepo munthu, ngakhale mkazi wanga amene tsopano anatisiya. Kulemba ndinaphunzira mochedwa, ku sukulu ya kwacha, ndiye mundipirire.

Zaka zimene zipani zinayamba kuchuluka, pa Migowi panabwera wogula nandolo amene anakhalako ku Joni. Iyeyo ndiye anatiphunzitsa juga yotchedwa Omaha. Aliyense amalandira makadi anayi, pansi amayalapo asanu, koma mwa anayi akowo ugwiritse ntchito awiri okha. Tinkasewera masana kuseri kwa golosale, pa mphasa, ndipo zobetcha zake zinali zongokwanira tiyi ndi sikono.

Masewerawa ali ndi nkhanza. Makadi amene akukusangalatsa poyamba amatha kufa khadi lomaliza likagwa. Ine ndinazidziwa msanga. Ndatayapo kangapo maeyisi awiri, makadi aakulu kuposa onse, n'kutuluka m'masewera pamene pansi panadzaza makadi a mtundu umodzi ndipo mnzanga wina wachete wayamba kuwonjezera zobetcha. Anzanga ankandiseka, koma nthawi zambiri ndinkakhoza. Kutaya koteroko sindichita nako manyazi.

Ine ndinali mkamwini ku Kaduya. Malume a mkazi wanga, eni mbumba, anali atalonjeza kutipatsa munda wa mpunga kudambo. Tsiku lina anabwera kudzagulitsa nandolo, n'kukhala pa mphasa kusewera nafe. Enawo atataya, tinatsala awiri. Pansi panali makadi atatu a mtima, opanda ofanana nambala, ndipo m'manja mwanga munali eyisi ya mtima ndi linzake la mtima. Panalibe munthu akanandiposa.

"Akamwini, mukulowa kapena mukuthawa?" anatero malumewo, akugwedeza bondo.

Ndinaganiza za munda uja. Ndinawadziwa bwino: mkamwini akawagonjetsa pagulu, sakanaiwala. Ndinaika makadi anga pansi chafufumimba.

"Ndataya, malume."

Lamulo lake, makadi otayidwa satembenuzidwa. Aliyense ankadziwa. Koma iwo anatambasula dzanja n'kuwatembenuza, ndipo palibe anawaletsa. Wogula nandolo uja anaimba mluzu.

"Taonani, anthuni!" malume anafuula. "Munthu wotaya zinthu zotere, ndimupatse munda? Mpunga ukacha adzausiyira mbalame!"

Onse anaseka, ine ndinasekanso nawo, ndipo kuseka kwangako ndi kumene kumandiwawa mpaka lero. Pomwepo ananena kuti mundawo apereka kwa mwamuna wa mwana wina wa mlongo wawo.

Tsopano ndiuzeni, ndikanatani? Ndikanawadya, akanati mkamwini wamwano. Ndawalemekeza, akuti chitsiru. Munthu wamkulu, wa mpingo, kuphwanya lamulo la masewera a anthu ena, n'kutenga ulemu wanga kuusandutsa nthabwala pa Migowi! Mundawo sanafune kutipatsa kuyambira kale, ankangosowa ponamizira, ndipo ine ndinawapatsa ndi manja anga.

Kunyumba sindinanene za makadi. Ndinangoti malume asintha maganizo, sindikudziwa chifukwa chake. Mkazi wanga analira, n'kunena kuti mawa apita kukawagwadira, chifukwa mbewu ya mpunga anali atagula kale, ili m'thumba kuchipinda. Ndinadziwa kuti akapita, akamva zonse.

M'mawa mwake, iye atapita kumjigo, ndinamanga thumba lija pa njinga n'kukagulitsa kumsika, kuti asakhalenso ndi chopitira.