Nkhope ya Azakhali M'moto wa Pakhoma

Ndinali pakhonde ndikusenda mtedza pamene foni inalira m'chitenje. Anali Tadala, mdzukulu wanga wa ku Lilongwe. "Agogo, buku langa la zithunzi lija latuluka." Lichero linagwa, mtedza unamwazika, nkhuku zinadya phwando, ine ndili kuvina, ndili kuvina ndekha pabwalo.

Bukulo ndi nthano yojambula. Mtsikana amatsikira ku Gehena kukafuna mng'ono wake, n'kupeza misewu ya makala, mitsinje yowira, ziwanda zopalasa njinga. Zilembo zimandivuta ine, koma zithunzi ndimawerenga bwino, pakuti pabanja pathu woyamba kujambula Gehena ndine.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Chiosya. Aphunzitsi a katekisimu anationetsa chithunzi cha moto wosazima, anthu ali m'katimo manja m'mwamba. Ndinabwerera nacho m'mutu. Kunyumba ndinapeza amayi atazira khoma ndi dothi loyera, losalala ngati dzira. Ndinatola khala, ndinatapa katondo wofiira, ndinayamba. Moto, nyanga, michira. Pakati penipeni ndinaikapo azakhali anga aNaphiri, amene anandikwapula dzulo lake chifukwa chodya mtedza wambewu. Ndinawajambula ndithu: duku lawo la mawangamawanga, mpata wa m'mano, mwendo wotsimphina.

Opita kuchitsime anaima, anaseka. Pofika madzulo kuseka kunatha, kunatsala manong'onong'o: "Mwana sanama, waona kanthu ameneyu." Chaka chimenecho pamudzi tinali titaika ana awiri, ndipo anthu ankasaka woti amuloze chala. M'mawa mwake azakhali atafika pachitsime, anzawo ananyamula ndowa zopanda madzi n'kuchoka.

Amayi sanandimenye. Anandigwira dzanja mpaka kwa azakhali. Tinawapeza atadzitsekera m'nyumba dzuwa lili pamutu, zovala atamanga mtolo, akuti athawire kwa abale ku Zambia.

"Wawaika pamoto ndiwe," anatero amayi. "Uwatulutse wekha."

Ndinayenda khomo ndi khomo, amayi ali pambuyo panga, ndikunena mawu amodzimodzi: sindinaone kanthu, ndinaba mtedza, anandikwapula, ndinakwiya. Ena anaseka, "Kakuba mtedza iwe, dzanja lakolo ulisamale." Ena sanakhulupirire. Kenako ndinakakumba dothi kudambo, ndinazira khoma lonse ndekha, azakhali atakhala pamtondo akuonerera. Nditamaliza anati, "Mwendo unaulakwitsa. Wotsimphina ndi wamanzere." Mtolo anamasula tsiku lomwelo. Koma panadutsa dzinja kawiri anthu ena asanayambenso kulandira chakudya cha m'manja mwawo.

N'chifukwa chake Tadala atayamba kudzaza makope ndi ziwanda, amayi a kumpingo n'kumati ndiwatenthe, ndinakana. Moto wa papepala suotcha munthu. Chimaotcha ndi kuikamo nkhope ya mnansi, iye akadali moyo, akutunga nawe chitsime chimodzi. Ndinkangotenga kope lililonse, tsamba ndi tsamba, kuona ngati chiwanda china chafanana ndi munthu wa pamudzi. Kamodzi ndinapeza mphuno ya aphunzitsi ake a masamu. Tadala anafufuta akung'ung'udza, koma anafufuta.

Loweruka Tadala anabwera nalo bukulo, lonunkhira utsopano. Ndinati aliyense adikire. Ndinalitsegula kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, chala chili pankhope iliyonse. Zonse zachilendo, palibe wa kwathu ndi mmodzi yemwe. Pamenepo ndiye ndinaimba nthungululu, mphasa zinayalidwa, thobwa anatuluka.

Anabwera aNabanda a kutsidya kwa dambo, anabwera ndi nyimbo kukamwa. Anabwera a Lufeyo, panjinga kuchokera ku Mkanda, thukuta lili chuchuchu. Anabwera a Kamwendo ndi akazi awo, anamwino athu a Chisomo akadali m'yunifolomu, aNangozo ndi aNasibeko omwe aja ankati nditenthe makope, lero akulimbirana kuona ziwanda. Anabwera Yohane, Mphatso, Dalitso ndi khanda lake kumsana. Anabweranso Esitere, mwana wa malemu azakhali aNaphiri, anakhala mphasa imodzi ndi ine.