Kunenerera Mtengo Galimoto Ili pa Jeke

Ntchito yanga yoyamba ku Nairobi ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinali pa koleji, m'zaka za m'ma 1990, pamene a Gondwe, Mmalawi mnzathu woyendetsa galimoto ku bungwe lina ku Upper Hill, anandipeza ndikulimbana ndi wogulitsa nsapato. Ataona mkuluyo akugonja, anati, "Achimwene, pakamwa ngati apa sipoyenera kukhala lova. Tiyeni ku Parklands."

Ananditula pa galaja ya bwana Rashid, amene ankachita nawo mpikisano wa magalimoto othamanga m'misewu ya fumbi. Mpikisanowo unali wa dziko lonse, koma unkachitika m'zigawo, dera lililonse tsiku lake, mapointi n'kuwaphatikiza kumapeto kwa chaka. Masiku amenewo misewu sankaitseka. Galimoto inkauluka pakati pa maminibasi amene kumeneko amati matatu, ng'ombe ndi anthu a njinga. Zothamangira m'mafamu otchingidwa zinadzafala pambuyo pake, ine nditasiya.

M'kati mwa sabata ndinkagula zitsulo, ndipo ogulitsa ankati akandiona, ayambe kale kudandaula. Tsiku la mpikisano ndinkakwera vani ndi makaniko wamkulu, Mzee Otieno, titanyamula jeke, sipanala ya mawilo, matayala, zigubu za petulo ndi fanelo. Tinkatsogola kukadikira pamalo okonzera. "Iwe Malawi," ankatero Otieno, "manati uziika m'chipewa. Fumbi silibweza katundu."

Chinthu chimodzi chokha sindinkachilabadira: khadi ya nthawi. Wowerenga njira, amene amakhala pambali pa dalaivala, ankaipereka pamalo aliwonse osainira. Mphindi iliyonse yochedwa inali chilango, ndipo kuchedwa kupitirira theka la ola kunali kutuluka mumpikisano.

Chigawo chomaliza chaka chimenecho chinadzera ku Athi River. Bwana Rashid sankafunikira kupambana. Kungomaliza kokha, chikho cha gulu lawo chinali chawo, atachisaka zaka zambirimbiri. Masana galimoto inafika ikutsimphina, chitsulo chogwira shokabu yakutsogolo chitang'ambika. Makina athu owotcherera anali m'vani ina, kutali. Otieno anaikweza pa jeke, n'kumasula chitsulocho, n'kundiponyera.

"Kuseri kwa fakitale ija kuli fundi wowotcherera. Thamanga."

Ndinamupeza mmisiriyo, bambo wa magalasi akuda pachipumi, jenereta ikulira pambali. Anayang'ana chitsulo, anayang'ana malaya anga a timu, n'kutchula mtengo wa mlendo. Zotsatira zake sindinaziganize, thupi linangochita lokha. Ndinaseka, ndinagwira pamtima, ndinamuuza kuti kwathu mtengo umenewo umagula njinga. Atakana kutsitsa, ndinatola chitsulo changa, n'kunena kuti ndikapeza wina, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono. Aliyense wa mumsika amadziwa kuti usanafike patali, amakuitana.

Sanandiitane. Chimene ndinamva n'chakuti jenereta yazima.

Nditacheuka, fundi anali akusamba m'manja, akupita kukadya. Ndinabwerera ndikuthamanga, ndikuvomera mtengo wake woyamba uja.

"Si wati ukapeza wina? Pita kaye ukamupeze."

Ndinagwada pamafuta pomwepo, n'kuyamba kuwomba m'manja mwachimalawi. Fundi anaseka mpaka misozi, nati sanaonepo mwamuna wa ndevu akumuwombera m'manja chifukwa cha chitsulo. Anavomera. Koma jenereta yotentha ili ndi mwano. Tinakoka chingwe mosinthana, ine thukuta kamukamu, kutaliko ndikumva magalimoto a anzathu akudutsa imodzi imodzi. Italira, kuwotcherera kwenikweniko sikunatenge mphindi zisanu.

Ndinathamanga chitsulo chili m'chiguduli, chikundiwotcha m'manja. Otieno anachimanga osandiyang'ana. Galimoto inanyamuka, koma posainira anapeza theka la ola litadutsa ndi mphindi zitatu. Anawalanda khadi.

Anabwerera pang'onopang'ono, ngati galimoto yonyamula mazira. Bwana Rashid anavula chisoti, n'kukhala pa tayala nthawi yaitali. Otieno anali atawauza kale zonse. Kenako anandiitana.

"Chabwino, Malawi. Ndiye anakutsitsira?"

"Ayi, bwana. Ndinalipira mtengo wake womwewo."

Anagwedeza mutu. Ndikadakonda akadandilalatira. Sanandichotse ntchito, koma kuyambira tsikulo pa mpikisano ndinkangogwira fanelo, ndipo Otieno ankauza aliyense kuti Malawi ndi katswiri Lolemba mpaka Lachisanu basi. Chaka chotsatira bwana anagulitsa galimoto ija, chikho osachigwirapo.

Kunenerera sindinasiye, musanamizidwe. Ngakhale tomato ndimamunenerera. Koma ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndadzifunsa kuti pakati pa ine ndi wogulitsayu, wofulumira ndani. Ndikapeza kuti ndi ine, ndimalipira mwaulemu, n'kuthokoza, n'kuthamanga.