Dzinja la Mabotolo Awiri

Chibangilicho chinali cha pulasitiki, chobiriwira, chokhala ndi nambala yosafufutika ngakhale uikweche ndi mwala kumtsinje. Ine ndinali nacho, mng'ono wanga analinso nacho. Chake chinkavuka chokha chifukwa kamkono kake kanali kowonda ngati phesi la mapira, ndiye amayi anachimangirira ndi ulusi. Kwa Nazombe, mwana wopanda chibangili chaka chimenecho ankayenda mozyolika. Ife tinkanyada, tikumakweza mkono m'kalasi ngakhale yankho tilibe.

Anativeka ndi anthu amene anabwera pa galimoto yoyera mvula itangoyamba. Anasonkhanitsa makolo pansi pa mtengo wa mango kusukulu. Mkulu wawo analankhula Chingerezi mpaka mthunzi unasuntha, aphunzitsi n'kumasulira mwachidule: “Akuti atithandiza pa malungo. Mankhwala ndi aulere, koma musasakanize ndi ena. Mwana akadwala, dikirani galimoto.” Mwina mkuluyo ananena zambiri. Mwina ananenadi kuti mankhwalawo akungowayesa, ndiponso kuti munthu akhoza kukana. Koma zimene zinafika m'makutu mwathu ndi zomwezo basi. Amayi, amene anakulira m'Chilomwe ndipo Chichewa cha pamsonkhano ankachita kuchitolera, anangoyang'ana amalume.

Kwathu mwana ndi wa amalume ake. Bambo amabereka, koma wonena inde kapena ayi ndi mlongo wa mayi. Alendowo anazidziwa msanga zimenezi, ndipo zinawapeputsira ntchito: kukopa mwamuna mmodzi, wapeza ana a mbumba yonse. Amalume anavula chipewa navomera. Amayi alendowo sanawafunse kanthu, anangowabwereka chala kuti adinde.

Anatipatsa mabotolo awiri, langa ndi la mng'ono wanga, mapilitsi oyera ofanana ndendende. Tsiku la sikelo ankatibaya chala, kutenga magazi, n'kutipatsa bisiketi ndi kapu ya zakumwa zotsekemera. Kukoma kwake ndimakukumbukira mpaka lero, ndipo kumandinyansa.

Ndinadzamva ndili wamkulu kale kuti pa kafukufuku wotere ena amalandira mankhwala enieni, ena mapilitsi opanda kanthu, kuti ophunzirawo aone kusiyana kwake. Amachita maere. Sindikudziwa kuti botolo la mng'ono wanga linagwera mbali iti. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzinja lonselo ine sindinatenthe thupi ngakhale kamodzi.

Iye anatentha chimanga chikumasula. Anayamba kukana phala, kenako kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Amayi anadzimanga chitenje kuti athamangire pa okala kukagula mankhwala a malungo amene tinawazolowera. Amalume anawaimitsa pakhomo. “Achemwali, mukufuna mundichititse manyazi? Ndinavomera ndine, pamaso pa anthu. Galimoto ibwera.” Amayi anabwerera m'nyumba. Anamuwonjezera mapilitsi a m'botolo lake, n'kumamupukuta ndi nsalu yonyowa. M'nyumba munkanunkha utsi ndi masanzi.

Mvula inagwa osakata. Mtsinje unadzaza, msewu unasanduka matope okhaokha, galimoto sinabwere. Pamene amalume anagonja n'kutulutsa njinga, khosi la mwana linali litauma kale, maso atatembenuka. Amayi anamubereka, nakwera kumbuyo. Sanafike ngakhale pa mlatho. Tinamva kulira kwawo akubwerera, njinga akuchita kukankha.

Amalume ndinawasungira mkwiyo zaka zambiri, ndipo sunatheretu. Koma iwo anasunga mawu amene anapereka, monga anaphunzitsidwira. Ophunzirawo ndiwo ankadziwa zimene zinali m'mabotolo. Ankadziwanso kuti msewu wathu umafa dzinja lililonse, poti anauona ndi maso awo. Anatiuza kuti tidikire, iwo n'kupita kukagona ku tauni.

Galimoto inabwera nthaka itauma, maliro titaika kale. Bambo wina wa gululo anakhala pa mkeka, napepesa, nasiya paketi ya shuga. Atakhosomola pang'ono, anapempha botolo la malemu, akuti likufunika ku ofesi. Amayi analowa m'nyumba, analipukuta ndi nsonga ya chitenje, anagwada, nalipereka ndi manja awiri.

“Pepani bwana, mwanayu wakusokonezerani ntchito,” anatero. “Koma mkuluyu akumwa bwinobwino. Chonde musamuchotse.”

Bamboyo analandira osawayang'ana kumaso. Ine ndinaima pakhonde, mtima uli m'malo poti sandichotsa, ndikunyadira ulemu wa amayi anga. Chimene chinkangondidabwitsa n'chakuti munthu wamkulu chotero, wobwera pa galimoto, ananyamula kabotolo kopepuka kameneko ngati ndi katundu wolemera.