Makala a Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga atabwera ku tchuthi kuchokera ku yunivesite ya kunja, anatulutsa kabotolo ka ufa wakuda n'kukaika patebulo pamaso pa atate, kwathu ku Kapata. Ine n'kuti nditangofika kuchokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa sayansi, choko chidakali m'zikhadabo.

"Zaka zonsezi ukuphunzira makala?" atate anafunsa.

Iye anayamba kufotokoza m'Chingerezi. Atate anali kalaliki mpaka kupuma ntchito, Chingerezi amachidziwa, koma cha tsiku limenelo chinawapita pambali. Ankangogwedeza mutu mwaulemu. Zinandikwana, ndinalowererapo.

"Atate, awa ndi makoko a mtedza, omwe aja timataya kumunda ku Chiparamba. Amawawotcha pamalo opanda mpweya mpaka asanduke makala a timabowo tosaoneka ndi maso, ngati mkati mwa chulu. Kenaka amawaviika mu asidi kuti makoma a timabowoto azigwira zinthu. Akatero amathiramo timibulu ta chitsulo chodula, tochepa kuposa fumbi, kalikonse n'kumata pakepake osaunjikana ndi tinzake. Timibuluto ndi timene timafulumizitsa ntchito yopanga mankhwala m'mafakitale, koma ito sitikutha."

Atate ananyamula kabotolo kaja, nakayang'ana pawindo, kenaka anatembenukira kwa mng'ono wanga.

"Mwanawe, mutu uli nawo."

Ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu oyera kale. Mwanayu sayansi ndinamuphunzitsa ndine, pa tebulo lomwelo. Malo ku yunivesite nanenso ndinawapeza, koma chinali chaka chimene amayi anagona m'chipatala miyezi, ndipo wamkulu ndinali ine, choncho sindinapite.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinawamva atate akufotokozera akulu a mpingo, manja ali m'mwamba kuumba chulu. Mawu anga onse anawasunga, ngakhale za asidi. Pomaliza, akunena mng'ono wanga, anati, "Ndi mmene watiuzira dokotala wathuyo." Amayi ena anandigwira mkono n'kundifunsa ngati zoterezi ndimazimvako.

Patapita mwezi mng'ono wanga atabwerera kunja, anandiimbira foni. Gulu lawo la kafukufuku linkafuna makoko ambiri kwa alimi akwathu, ndipo pankafunika kapepala ka m'Chinyanja kowafotokozera.

"Asisi, mundilembere mmene munanenera muja. Ine ndikayesa zikumveka ngati za m'buku."

Ndinamuuza kuti ndili ndi mayeso oti ndichonge. Komatu kapepalako ndinakalemba madzulo omwewo, kanatuluka bwino, n'kukatsekera m'kabati. Anaimbanso kawiri, ine osayankha. Sabata yachitatu anatumiza chimene analemba yekha kuti ndingokonza. Chinali choipa kwambiri, moti ndinachiwerenga katatu ndikumva kukoma.

M'mawa mwake ndinamutumizira changa. Pansi pake ndinalembapo dzina langa lonse m'zilembo zazikulu, ndi kumuuza kuti asalifufute. Anayankha kuti analibe maganizo otero, ndipo zimenezo zinandipsetsanso mtima.