Dzenje la Kuseri kwa a Bwezani

Kuseri kwa nyumba ya a Bwezani, kufupi ndi siteshoni ya Kafue, kuli dzenje lalitali momwe lero mwamera nthochi. Adzukulu awo akhala akupempha kuti alikwirire amangepo kashopu, koma mkuluyo amangopukusa mutu. Mpaka pano ndeke ikadutsa chapansipansi, amasiya kudya n'kuyang'ana kumeneko.

A Bwezani anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji. Anali munthu wamantha, tisabise, wa mtundu uja wobwerera panjira kukaona ngati loko watsekadi. Ndiye nkhondo ya ku Rhodesia itafika poipa, mphekesera n'kumveka kuti adani akuphulitsa milatho, iwo tulo tinawathawa. Kafue ali ndi mlatho wa sitima ndi wa galimoto, ndani akanati nkhondo ili kutali? Anthu anauzidwa kukumba maenje obisalamo, ndipo a Bwezani anakumba lawo mpaka m'manja kutuluka matuza. Anasankhidwanso kulondera mzere wawo wa nyumba. Akamva ndeke ankayenera kuimba chitsulo cha njanji chopachikidwa pamtengo, n'kuonetsetsa kuti aliyense walowa pansi.

Vuto linabwera pa basi. Akazi awo, a Winfrida, anali ndi pakati potopa, choncho amayi a Winfrida anafika kuchokera kumudzi kudzadikira mwana. Mayiwo pa mwambo sankapindika. Mkamwini sakhala naye pamphasa imodzi, sadya iye akuona, salankhula naye maso ndi maso. Akakumana panjira ya kumpopi, mayiwo ankapatukira m'udzu n'kufulatira. M'nyumba ya zipinda ziwiri zimenezi zinali zotopetsa kale, nanga m'dzenje loti mawondo amagundana?

Tsiku loyeserera chitsulo chitalira, mzere wonse unathamangira pansi. Apongozi anakhala phee pakhonde, akusankha nyemba. A Winfrida anawachonderera, iwo n'kuyankha kuti imfa n'kamodzi, koma manyazi otere sangabwerere nawo kumudzi. Aneba anaseka mpaka misozi. A Bwezani sanaseke. Anayamba dzenje lachiwiri, koma anakumana ndi thanthwe, mpini wa piki n'kuthyoka. Anatuma mayi wina wa kumpingo kuti akalankhule ndi apongoziwo, nayenso anabwerako manja ali m'khosi. Kuntchito a Bwezani ankangoyang'ana kumwera. Ankadziona akutumiza uthenga ku Katete woti mayi wa eni wafera pakhonde pawo, iwo atabisala bwinobwino pansi. Akanauyamba bwanji uthenga wotero?

Zenizeni zinachitika masana ena dzuwa likuswa mtengo, a Bwezani atangofika kudzadya. Kumwera kunamveka mkokomo wachilendo, wosafanana ndi wa sitima. Anaimba chitsulo, ana akugwa n'kudzuka pothamanga, kenako anatsika m'dzenje kuti alandire a Winfrida pang'onopang'ono. Atasuzumira kunja anaona apongozi ali chilili pakhomo, maso kumwamba. Mantha anali nawo ndithu, koma phazi osasuntha.

Pamenepo munthu wamantha uja anatuluka m'dzenje. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, poyera popanda ndi kamtengo komwe, n'kugwada chofulatira. Anakuwira akazi awo, poti ndiyo njira yokhayo imene mwambo unkalola.

"Winfrida, auze amai angene mu dzenje. Ine nili kuno, sinizabwela."

Anamva mapazi kumbuyo kwawo, kenako zii. Mkokomo wa ndeke unakula mpaka malata a nyumba kuyamba kulira. A Bwezani anatseka maso, thukuta lili kamukamu, akudikira chinthu chimene sankachidziwa n'komwe maonekedwe ake. Ndiyeno mkati mwa phokosolo anamva mawu a apongozi, mawu amene chikwatirire anali asanawalunjikepo iwo.

"Atate, bwerani. Mwana asabadwe wamasiye chifukwa cha ine."

Atatsika anapeza mayiwo atavula chitenje chapamwamba n'kuchitambasula pakati pa dzenje. Ngodya imodzi anagwira okha, inayo anaponyera mkamwini osamuyang'ana. Anakhala choncho, wina uku wina uko, a Winfrida akulira chamumtima, nsalu ikunjenjemera mbali zonse ziwiri, mpaka ndekezo zinapitirira osagwetsa kanthu pamzere wawo.

Pofika madzulo mwambo unali utabwerera pamalo pake. Apongozi anayambanso kupatukira m'udzu, ndipo awiriwa sanalankhulanenso mpaka mayiwo anamwalira kwawo patapita zaka. Mwana uja anabadwa wamkazi, Zione, ndipo ana ake ndiwo lero akufuna kashopu. Mkuluyo sawafotokozera zambiri. Amangoti m'menemo ndi momwe apongozi awo anawaitanira, kamodzi kokha m'moyo wonse.