Changa wa mu Mtondo wa pa Chitsime

Ndinaphunzitsa sayansi ku Bundabunda mpaka choko chinandiuma m'manja. Chaka ndi chaka ndinkalemba pa bolodi kuti lemu wa ku Madagasika, m'bale wake wa changa wathuyu, ali gulu limodzi ndi anyani ndi anthu, pomwe chule wa m'mitengo ali kutali, ku gulu la zoikira mazira. Onsewo akutha chifukwa nkhalango ikutha. Ana ankalemba, n'kuiwala.

Amuna anga atamwalira, ana athu ali ku Lusaka, ndinatsala ndekha pa malo a kuchimuna, ine wobwera wa ku Chipata. Anzanga anali awiri, onse mu mtondo wa pa chitsime: changa wolira dzuwa likangolowa, ndi kachule kotuwa kopachika thovu la mazira pa nthambi yoweramira madzi. Changa akalira ndinkamuyankha. Inde, ndinkayankha! Ndikanalankhula ndi ndani?

Tsiku lina alamu anga, ang'ono awo a malemu, anabwera ndi nkhwangwa.

"Mulamu, mutengo uyu nifuna nishoke malasha," anatero, kutanthauza kuwotcha makala.

Malo ndi awo, sindikanaletsa. Ndinangopempha, koma mwa uphunzitsi wanga uja. Ndinawafotokozera kuti muli changa, ali ndi zala ngati zathu, amayamwitsa mwana, ndi m'bale wathu ndithu. Za chule sindinatchule n'komwe, ndinaona ngati andiseka. Anamvetsera chipewa chili m'manja, n'kuchoka. Mtima unakhala pansi.

Lamlungu ndinakagona ku Kasisi ku maliro. Pobwera ndinapeza alamu akundidikira pakhonde, akumwetulira, atanyamula kakhola kawaya. M'katimo changa atadzipinda, maso tong'o.

"Onani, nakusungilani m'bale wanu. Sinamupaye, ali moyo."

Kumbuyo kwawo kunali mbee, thambo lokhalokha. Mtondo unali kale zidutswa, atazikwirira ndi dothi, utsi ukufuka. Mayo ine! Munthuyo anandimvera bwinobwino. Ndikanatchula chule, nkhani ikanafika pa nthambi ndi pa madzi, poti thovu silisungidwa m'khola. Ndinakonda wofanana nane, n'kuiwala pokhala pake. Ndinadzida.

Changa anakana nthochi, anakana mapapaya. Madzulo achitatu ndinamutsegulira. Analumphira padenga, nayang'ana uku ndi uku m'minda yopanda mtengo, n'kupita. Sindinamumvenso.

Patapita sabata alamu anabwera pa njinga, n'kunditsitsira thumba limodzi la malasha, laulere. Ndinathokoza mogwada. Nkhuni kuno kulibe. Ndinaphikira mpaka linatha.