Nthambi ya Kankhande

Mpaka lero fungo la mango owola limandibwezera ku dambo lina la ku Chidzolomondo. Linali dzinja, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anga anaphedwa kumeneko chilimwe chake, atagwidwa kuti asenze katundu wa asilikali, ndipo mtembo wawo sitinauone. Mayi anati tipite tikatenge mzimu wawo monga achitira Angoni: pa nthambi ya kankhande. Wonyamula nthambiyo sayankhula kapena kucheuka mpaka kunyumba, apo ayi mzimu umatsalira panjira. Ine ananditenga kuti ndikhale pakamwa pawo. Ndinali wolongolola, ndiye anati matenda angawo agwireko ntchito.

Anatilondolera ndi a Fulawo, mphunzitsi amene anapulumuka tsiku limene bambo anaphedwa. Malowo palibe anali atawakhudza. Galimoto yopsa inali chigonere cham'mbali, maungu atayanga pa chiwongolero. Nsapato zinali mbwee, zina zomangabe zingwe. Mango anali kugwa okha, osatoledwa, ndipo ngakhale mbalame sindinaimve.

"Pondani pomwe ndaponda ine," anatero a Fulawo motsitsa mawu. Anatisonyeza ngalande imene munabisala asilikali a m'tchire, ndi chulu chimene a boma anathawirako. Onyamula katundu anali pakati. Pomwepo mayi anagwada, nakokera nthambi pansi.

"Abambo a Rozina, dzukani, tiyeni kwathu," anatero. Atatero anatseka pakamwa.

Pobwerera mayi ankayenda m'mphepete mwa njira, ngati akusiyira wina malo. Ndinkaopa kwambiri.

Pa mlatho wolowera ku Tsangano tinapeza msilikali. Anafunsa giya, kalata yololeza ulendo, ndipo tinalibe. Anafunsanso mokalipa, mfuti ataloza pamimba pa mayi. Mayi anatsala pang'ono kuyankha. Ndinadziwa kuti akangoti "pepani", bambo atsala pamlathopo mpaka kalekale.

"Sangayankhe, anyamula bambo," ndinatero.

Msilikaliyo anayang'ana nthambi, minga yake itabaya kale zala za mayi.

"Mwawatenga kuti?"

Ndinatchula dambolo, ndi galimoto yopsayo, ndi chulu.

"Pachulupo ndinalipo," anatero msilikaliyo.

Anavula chipewa, natsika mumsewu, nakaima m'matope kutali ndithu, nkhope atalozetsa kuthengo. Tinadutsa. Mayi anakayankhula titafika pakhomo, atagoneka nthambiyo pamphasa ya bambo.

Masiku amenewo ndinkanyadira, ndinkauza anzanga kuti bambo anga ndi oopsa, ngakhale atafa msilikali wamfuti anawathawa. Lero ndili ndi mwana wamwamuna woposa msilikali uja msinkhu. Ndikakumbukira m'mene anaimira m'matope muja, ndimaona kuti sankaopa mzimu ayi. Ankaopa kuti bambo amuzindikira.